Thanthwe la Amayi Lakana Kujambulidwa

Lolemba

Ndafika ku Chowe ndili wamoyo, alhamdulillah. Wa njinga yamoto amene wandibweretsa sanadutse dzenje ngakhale limodzi osalipatsa moni.

Ndilembe nkhani yonse pano, kuti mawa ndisadzanamizire wina. Nyumba ya achemwali anga, Abiti Juma, inagwa ndi mvula ya chaka chatha. Mpaka lero iwo ndi amuna awo, Che Amidu, akugona m'khitchini, mitu pafupi ndi mafuwa. Njerwa aotcha kale. Chatsala ndi miyala ya fondeshoni. Ndiye alamu angawo apangana ndi Che Twaibu, woswa miyala wa m'mudzi muno, kuti Lolemba likubwerali adzaunjike matayala akale pa thanthwe la kuseri kwa nyumba, ayatse moto, mwala usweke.

Thanthwe la amayi!

Ndi pomwe malemu amayi ankayanika ufa, ine atandikhazika pambali kuti ndiziingitsa nkhuku. Nkhukuzo zinkakhuta ndithu, chifukwa maso anga anali pa zogoba za pamwalapo: mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, timaenje tondondozana, kanthu konga makwerero, ndi ng'azi yaikulu yopanda mutu. Anagoba ndani? Agogo sankadziwa, ndipo agogo awonso akuti sankadziwa. Chala changa chinaphunzirira pamenepo kukhota bwino. Lero theka la zikwangwani za pa boma la Mangochi ndi dzanja langa, ndipo sukulu yake inali mwala umenewu.

Kuletsa sindingathe. Ndine mwini mbumba, inde, koma ndinene kuti chiyani? Mlongo wanga apitirize kugona ndi mapoto chifukwa cha ng'azi yopanda mutu?

Asiyatu, mwana wa achemwaliwo amene akuphunzira za zinthu zakale ku koleji, anandiimbira dzana. "Amalume, zimenezo anagoba anthu akalekale, makolo athu asanafike kuno. Ngati kuletsa kwakanika, jambulani basi, tikhaleko ndi chithunzi." Iye ali pa mayeso, sangabwere.

Kujambula? Ine? Amene ndinajambula chambo pa khoma la lesitilanti ina mpaka mphaka ankagona pansi pake? Ndamuuza kuti awerenge za mayeso, za kuno aziyese zatha kale.

Zomwe ndanyamula:
pepala lalikulu lolimba
mapensulo
rula
chipewa (chatsala pa njinga, chapita)

Masana ndakwera pa thanthwe. Palibe kanthu! Dzuwa lili paliwombo, mwala wangoti mbuu, ngati sunagobedwepo chiyambire. Ndimayesa alamu ayamba kale kupala. Dzuwa litapendeka, ng'azi yatulukira pang'onopang'ono, mizere nayonso. Ndajambula ndi mtima wonse, ndipo chatuluka chinthu chokongola zedi.

Netiweki kuno imapezeka pa chulu cha kumunda pokha. Ndakwera, ndatumiza chithunzi cha pepalalo kwa Asiyatu. Yankho: "Amalume, awa ndi matayala a njinga. Pamwalapo mizere yake ndi yokhotakhota. Nanga ng'aziyo mutu mwautenga kuti?"

Ndinaimvera chisoni, ndinaipatsa mutu. Cholakwika n'chiyani?

Akuti ndijambule zomwe zilipo, osati zomwe ndikufuna kuti zikhalepo. Moyo wanga wonse ntchito yanga ndi yokongoletsa zinthu zosakongola, lero mwana wa dzulodzuloyu akuti dzanja langa ndi labodza. Bola masiku akadalipo.

Lachiwiri

Njira yachiwiri, ya Asiyatu: kuyala pulasitiki yoonekera mkati pamwala, n'kumalondola mzere uliwonse ndi cholembera cha inki yakuda. Akuti apa dzanja silinganame, chifukwa wotsogolera ndi mwala.

Pulasitiki ndagula pa tredingi, ija amakutira matebulo. Ngodya zake ndapsinja ndi njerwa za alamu. Alamuwo aima poteropo, manja kumbuyo. "Zibwerere zonse, alamu." Zibwerera, bambo, ine sindidya njerwa.

Zomwe Asiyatu sanandiuze:
kuti mwala wa mu Okutobala umaotcha mawondo ngati chiwaya cha chipisi
kuti pulasitiki imachita thukuta kunsi, zonse n'kubisika
kuti thukuta langa likadonthera pamwamba, inki imayamba ulendo wakewake
kuti mbuzi

Koma ndalimbikira. Kukwawa, kupukuta, kulemba, kupukutanso. Dzanja likafuna kuwongola mzere, ndikulimenya. Pofika nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, mbali yonse ya kumanzere yatha: mizere yokhotakhota, makwerero, ng'azi yopanda mutu monga mwini wake anaisiyira. Aka ndi koyamba m'moyo mwanga kujambula chinthu chonyansa mwadala, ndipo ndanyadira.

Ndatsika kukaswali. Pobwerera ndapeza mphepo yatukula ngodya imodzi, mbuzi ya alamu yaima pomwepo, maso ali gwa pa ine, nsagwada zikuyenda. Ng'azi yalowa kale mpaka kumchira!

Ndaithamangitsa kuzungulira nkhokwe, ndikuitukwana m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. Alamu ali pakhonde: "Ikafa mbuziyo, alamu, tikambirana." Iwo nkhawa ili pa mbuzi, ine ili pa ng'azi imene ili m'mimba mwa mbuziyo.

Chidutswa chotsala atola achemwali. Achitembenuza uku ndi uku. "Ichi chikwana padenga paja pamadontha." Ndatsegula pakamwa kuti ndikane, ndayang'ana denga la khitchinilo, ndatsekanso pakamwa. Ndakwera ndekha kukachimanga. Tsopano makwerero a anthu akalekale ali pamwamba pa mphasa ya achemwali.

Madzulo kwabwera Che Twaibu kudzaona ntchito yawo. Munthu wabwinobwino, moni wake wautali, afunsa za ana onse. Kenako atulutsa kahamala, akugogoda thanthwe uku khutu atatchera. "Mwala wabwino uwu, usweka ngati chigumu." Akagogoda, ine ndikumva m'chifuwa. Akuti matayala abweretsa Lachinayi m'mawa.

Mbuzi ikubzikula bwinobwino m'khola. Mlandu umodzi wandiphonya.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru yangayanga. Tili ana tinkaika pepala pa ndalama yachitsulo, n'kukhutiza pensulo, tambala n'kutulukira yekha. Nanga mwala ungakanike bwanji? Nsalu yoyera pamwamba, makala m'manja, basi. Ndamulembera Asiyatu pa chulu, koma yankho sindinadikire. Waluso sadikira chilolezo.

Ndatsikira ku boma. Mu shopu ya nsalu ndapempha bafuta woyera, wotambalala, wautali ndithu. Wogulitsa watsitsa mawu. "Inna lillahi... Watisiya ndani, achimwene?" Palibe, bambo, dulani nsalu. Wadula mwaulemu, wapinda mwaulemu, pondipatsa wandipepesabe.

Ndadzera kunyumba kukamwa madzi. Akazi anga andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwada ngati kunsi kwa poto. Mwalawo ukupatsani chiyani? Bambo wa boti wa ku Nkope wabwera kufuna dzina pa boti lake, wabwereranso, inu muli kokwawa." Adikire. Boti silikuotchedwa Lolemba.

Pobwerera, nsalu ili pamiyendo, nsonga yake ikuuluka kumbuyo kwa njinga. Tafika pa mjigo wa m'mudzi, amayi onse asiya kupopa. Mmodzi wachikulire wagwira pachifuwa. "Achimwene, sanda ya maliro imeneyo ndi ya ndani?" Ine kutopa, ludzu, msana, dzuwa pamutu wopanda chipewa. Ndangokuwa kuti, "Ndi ya mwala!" Tadutsa.

Ndayala nsalu, ndaiwongola bwinobwino kuti thanthwe likutidwe, ndagwada, ndayamba kukhutiza makala.

Zomwe zatuluka pansalu:
ming'alu
ndere
zitosi zakale za nkhuku
mawondo anga awiri

Chomwe sichinatuluke: ng'azi.

Nsalu yonse yangokhala ngati chopukutira cha ku garaja. Koma chimodzi chandisangalatsa. Anthu a kuno ayamba kulemekeza luso. Dzulo ana amandiseka, lero amayi ndi ana omwe aima patali, kuseri kwa chinangwa, ali chete. Palibe woseka, palibe woyandikira. Pa boma munthu ukamalemba chikwangwani aliyense amakhala mphunzitsi wako.

Madzulo pa chulu ndapeza uthenga wa Asiyatu umene wakhala ukundidikira kuyambira m'mawa. "Amalume, chonde chonde MUSAKHUTIZE kanthu pamwala! Njira imeneyo anaisiya, imaperepesa zogoba. Choko ayi, penti ayi, makala ayi."

Mayo ine! Ndatsika chothamanga, ndapapasa mzere uliwonse ndi chala. Zonse zilipo, bafutayo anali wokhuthala. Mpweya wabwerera. Ndamuyankha kuti ndamva, ndipo sindiname, ndamvadi.

Lachinayi

Lero ndi kamera ya foni. Malangizo a Asiyatu: m'mamawa, dzuwa likungosuzumira, kuwala kukubwera cham'mbali, pamenepo kamzere kalikonse kamagwira mthunzi wake. Rula ikhale pambali kuti woona adziwe kukula kwake.

Nditangoswali Subuhi, swala ya m'bandakucha, ndili kale pa thanthwe. Ha! Zimene ndaona! Ng'azi yadzuka ngati ikufuna kuyenda, mizere yonse yaima, mpaka timaenje tina timene ndinatiiwala. Ndamva ngati amayi akuwa kumbuyo kwanga kuti, "Iwe, nkhuku!" Misozi yalengeza, ndisabise.

Ndaloza foni. Pa foni pakuoneka bulangete lotuwa. Ndapukuta galasi ndi malaya, bulangete lomwelo. Chithunzi chimodzi chokha chagwirako ng'azi pang'ono, koma ndi chakuda bii. Foni imeneyi imakhala m'thumba limodzi ndi makiyi ndi misomali, ndiye diso lake lili ndi ng'ala.

Ndakhala pansi, ndaganiza. Choko waletsa. Penti waletsa. Makala waletsa. Ufa sanaletse! Ufa ungawononge bwanji mwala umene wakhala ukuyanikidwa ufa moyo wake wonse? Ndikatha, nyerere zisesa.

Ndatapa ufa woyera wa achemwali m'kambale, ndagwada, ndikuthira pang'onopang'ono ndi nsonga za zala m'mizere monse. Eee! Zoyera pamwala wakuda, zikuoneka ngati zalembedwa dzulo. Mwendo umodzi wa ng'azi wokha ndi umene ukubisala, unaperepeseka kwambiri. Ndaweramira pafupi, ndikuunyengerera monga ndimachitira ndi penti ikamavuta: "Tulukani, agogo, tulukani tikuoneni. Musandichititse manyazi, ndachokera kutali. Anthuwa akubwera ndi moto."

Kumbuyo kwanga, phi!

Che Twaibu. Tayala limodzi lili paphewa, lina lagwa, likugubuduka kulowera kumunda. Iwo kukamwa yasa. Ndawapatsa salamu, ayankhira pakhosi, akubwerera chafutambuyo. Tayala logubuduka lija sanalitsate n'komwe. Kaya m'mimba mwawavuta, mango a masiku ano ndi osapsa.

Ndatembenuka kuti tsopano ndijambule. Zafika kale. Zidzukulu za nkhuku zomwe zija, mtundu wosaiwala. Ndikaingitsa uku, zatera uku.

Zithunzi za lero:
nkhuku
nkhuku ndi anapiye
tambala ataima pamsana pa ng'azi
chala changa
rula, yooneka bwino kwambiri

Achemwali atulukira, manja m'chiuno. "Ufa wanga mwadyetsa nkhuku? Inu simunasinthe, achimwene, imvi zokha." Aseka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi ndi chitenje. Chifikireni sindinawamve akuseka, ndiye ufawo sunapite pachabe.

Masiku akutha koma. Tayala la Che Twaibu lili pansi pa mtengo wa mango kumunda kuja, ndipo ndikadutsa ndikuyang'ana kumbali.

Lachisanu

Ijumaa, tsiku la swala yaikulu. Mzikiti wa kuno umadzaza, phewa ndi phewa, thukuta la mnzako limakhala lakonso. Lero ine malo mbwee, kumanja mpata, kumanzere mpata, kamphepo kakundipeza. Ulemu wa munthu wa ku tauni umenewu.

Ashehe alalikira mwamphamvu za anthu osiya Mulungu n'kumakapempha kwa mitengo ndi miyala, kuthira ufa, kuitana akufa. Maso awo ali mbali yanga nthawi yonse. Ine ndikugwedeza mutu, "Zoona! Auzeni!" Ndacheuka kuti ndimuone wonenedwayo, koma kumbuyo kwanga kuli khoma lokha. Kaya anatuluka msanga ndi manyazi.

Njira yomaliza, ndipo Asiyatu akuti ndiyo ya masiku ano. Ndijambule zithunzi zambirimbiri kuzungulira thanthwe lonse, chilichonse chiziluma chinzake m'mphepete. Kompyuta ya ku koleji idzazilumikiza, n'kupanga mwala wathunthu woti munthu aziutembenuza ndi chala pa galasi, kuupendeketsa, kuuwalitsa mbali imene akufuna. Ukasweka wa kuno, wa m'kompyuta udzatsala. Nditamva zimenezo mtima unakhala pansi.

Malamulo ake:
nsapato ndivule, zingakande mwala
ndidikire mthunzi wa phiri ukute thanthwe lonse
ndiyende pang'onopang'ono, kaphazi, chithunzi, kaphazi, chithunzi
ndikamaliza ndizungulirenso chonyonyomala
kenako ndizungulirenso foni ili pamwamba pa mutu
pasaoneke munthu kapena mthunzi wa munthu

Ndangoyamba, foni ikuti yadzaza. Ndafufuta zikwangwani zakale, ukwati wa aneba, nyimbo, ndi chithunzi chilichonse chooneka chakuda. Malo apezeka.

Kaphazi, chithunzi. Kaphazi, chithunzi. Chonyonyomala mawondo akulira ngati chitseko cha sitolo. Anthu adzaza kuseri kwa chinangwa, lero mpaka abambo. Kamtsikana kena kakusendera, mthunzi wake watsala pang'ono kufika. Ndakuwa: "Musayandikire! Mthunzi wa munthu ukangogwa pamwala pano, zonse zaonongeka!" Abalalika ngati ndaponya njoka. Mayi wina wanyamula mwana wake, wamuphimba kumaso ndi chitenje, liwiro. Sindinafune kuwaopsa chotero, koma ntchito yayenda bwino.

Kenako pa chulu. Zithunzi zochuluka chonchi sizipita msanga. Ndaima pamwamba penipeni, wopanda nsapato, dzanja lili m'mwamba, maso kumwamba, ndikuchonderera: "Pitani, pitani, chonde pitani." Phewa lachita dzanzi, linthumbu zikukwera miyendo, ine osatsitsa dzanja.

Zapita zonse! Alhamdulillah! Che Twaibu abwere ndi matayala awo, ng'azi yasamuka kale. Lero ndidya ndi mtima umodzi.

Loweruka

Asiyatu watumiza kakanema. Pamwamba pake walemba kuti, "Amalume, musakhumudwe." Munthu akayamba choncho, khala pansi.

Pa galasi pakuzungulira chinthu chonga mbatata yopondedwa ndi ng'ombe. Pakati pali chibowo, chifukwa dzanja langa silinafike pakatikati pa thanthwe. M'mphepete monse mwazungulira chala changa chachikulu cha kuphazi, chabwerezedwabwerezedwa ngati mpanda. Mizere palibe. Ng'azi palibe. Akuti zithunzi zambiri ndi zachimbuuzi, kompyuta yasowa pogwira.

"Tumizani chija munandiuza, cha Lachinayi m'mawa, chakuda chija. Mwina tingachiwalitse."

Chakuda chija. Ndinachifufuta dzulo ndi chala changachi.

Ndakakhala pa thanthwe. Mphamvu zatha. Pensulo, pulasitiki, nsalu, ufa, foni, zonse zandikana, ndipo mkuja ndi moto. Ine amene ndimajambula nkhope za anthu osawadziwa pa mashopu ometera, ndalephera kusunga chinthu chimodzi chimene chinandiphunzitsa ntchito. Ndalira ndithu, ngati mwana.

Ndikupukuta mphuno, atulukira alamu, chisoti chili m'manja. Aima patali, pamwala osaponda. "Alamu, mwatichita chiyani?"

Akuti Che Twaibu abwera m'bandakucha, atenga tayala lawo la kumunda lija. Akuti ngakhale muwapatse ng'ombe, pa thanthwe ili sadzaikapo moto, ali ndi ana. Alamu ayenda midzi yoyandikana kufuna woswa miyala wina, koma kulikonse mbiri yawatsogolera.

Zomwe anthu akunena za ine:
ndinaveka mwala sanda
ndinathira mbepesi, nsembe ya ufa ija ya makolo, ndikuitana agogo kuti atuluke
ndinawauza agogowo kuti kukubwera anthu ndi moto
ndinazungulira wopanda nsapato, choimirira ndi chonyonyomala
mthunzi wa munthu ukagwapo, munthuyo sachedwa
pa chulu ndimalankhula ndi kumwamba
mbuzi inadya za pamwalapo, tsopano ikuyang'ana anthu mwachilendo

Mbuziyo imayang'ana choncho chibadwire!

Astaghfirullah! Ndiye khoma lija la mu mzikiti... Ndiye mpata uja... Ine? Munthu amene sindinadumphepo Ramadani? Magazi akwera kumutu. Ndadzambatuka, foni m'manja, ulendo kwa Che Twaibu kuti ndikawaonetse nkhuku, rula, mauthenga a Asiyatu, zonse, dzina langa liyere.

Ndafika pa mtengo wa mango paja panali tayala. Udzu ukadali wogona pomwe linakhala. Ndaima. Ndikawafotokozera, amvetsa, ndi munthu wanzeru. Akamvetsa, aseka. Akaseka, matayala abwerera.

Ndaima pamenepo ngati mzati, kenako ndabwerera, foni ndaika m'thumba.

Achemwali lero saseka. "Ndiye nyumba yanga mumanga ndi chiyani, achimwene? Ndi zithunzi za nkhuku? Mvula ili pakhomo." Akunena zoona, ndipo zandilasa. Mwala ndaupulumutsa mwangozi, mlongo wanga ndamusiya m'khitchini.

Ndakweranso pa chulu, anthu akusuzumira m'mipanda, asuzumire. Ndaimbira mkulu wina wa lole pa boma, amene amagulitsa miyala ndi mchenga. Wakhala akundivutitsa kuti ndimukongoletsere loleyo, ine ndikuzemba chifukwa ndi munthu wosakhutira. Tapangana: iye atula miyala ya fondeshoni kwa achemwali sabata ya mawa, ine ndimulembera lole mbali zonse, mkango uku, nkhwazi uku, ndi khoma la sitolo yake lomwe. Wavomera msanga kwambiri, ndiye ndadziwa kuti wopusitsidwa ndine.

Alamu amva, avala chisoti chawo. Sanathokoze, koma tiyi wamadzulo andipatsira okha, atatambasula dzanja kutalika kwake konse.

Lamulungu

M'mawa ndapita kwa ashehe ndi katundu yense: nsalu yamakala, foni, zithunzi za nkhuku, mbatata yozungulira ija. Ndafotokoza kuyambira Lolemba. Aseka mpaka kutsokomola, akudzigwira m'nthiti.

"Ndiye ng'aziyo simunaipemphe kanthu?"

Kungoti ioneke basi, ndipo yakana.

Akuti kwa Mulungu ndilibe mlandu. Ndafunsa mwamantha ngati adzalengeza mu mzikiti. "Ijumaa ikubwerayi ndidzawauza kuti mwala ndi mwala, sumva, sulankhula. Koma zimenezo ndakhala ndikuwauza kuyambira ndili ndi ndevu zakuda, ndipo samva." Ndatuluka mtima uli mbee.

Zotsatira za sabata yonse:
chojambula cha pensulo, chokongola, chabodza
pulasitiki, theka padenga, theka m'mbuzi
bafuta, achemwali amuviika, akuti adzakhala katani wa nyumba yatsopano
ufa, m'nkhuku
mbatata imodzi ya m'kompyuta
chipewa, sichinapezeke
chithunzi cha ng'azi: palibe

Akazi anga aimba. Mbiri yafika kale pa boma, yawoloka mlatho ine ndisanawoloke. Bambo wa boti wa ku Nkope uja akuti dzina alisiya, tsopano akufuna ndimulembere mizere yozungulira ija kutsogolo kwa boti, kuti usipa uzimutsata. "Ndipo nsalu yanuyo musalowe nayo m'nyumba mwanga." Dzina langa lapita. Kuno ndidzakhala munthu uja anaveka mwala sanda mpaka tsiku lodzandiveka yanga. Walira mvula walira matope.

Asiyatu akuti pa tchuthi adzabwera ndi aphunzitsi ake, ndi kamera yeniyeni ya miyendo itatu. "Koma thanthwelo lidzakhalapo, amalume?"

Lidzakhalapo, mwana.

Ndisananyamuke ndakwera kukatsanzika. Dzuwa likadali cham'mbali, ng'azi ikuoneka yonse, yosasamala za munthu. Pamalo pamene pakanakhala mutu wake pali kamulu ka ufa. Si wanga, wanga nkhuku zinamaliza Lachinayi. Wina wabwera mwakachetechete kudzapempha zake.

Ndatenga tsache kuti ndisese, zisapitirire. Kumbuyo kwanga achemwali akukwera, dengu la ufa wawo lili pamutu, mphasa m'khwapa, monga ankakwerera amayi.

"Siyani, achimwene. Ufa umenewo ndiye mlonda."

Ndasiya. Ayala mphasa mbali inayo, asanjika ufa wawo ndi chikhatho, athyola kamtengo, andipatsa. "Njinga idikire. Khalani apo, muziingitsa nkhuku."

Ndakhala. Kamtengo kali kudzanja lamanzere. Chala cha kumanja chapeza chokha mchira wa ng'azi, chikukwera pamsana pang'onopang'ono, chikukhota pomwe chinkakhota kale.

Nkhuku zikudya.